Ndaona Koma Sindinayang'ane

Padangokhala, tili tonse, Thadzi ankafuna womuyang'anira anapiye ake asanu kuti akasambe fumbi kuseri kwa khola. Bakha ndi Birimankhwe anayamba kulimbirana ntchitoyo.

"Alamu, inu kuti muone kumwamba mpaka mupendeketse mutu wonse," anatero Birimankhwe kwa Bakha. "Ine diso ili lili pa ana, linali lili kumitambo."

Thadzi anasankha Birimankhwe. Pobwera anapeza anapiye anayi.

"Winayu ali kuti, achimwene?"

"Wapita ndi Kabawi, mayi. Ndamuona bwinobwino ndi diso lamanzereli."

"Mwamuona? Nanga osakuwa bwanji?"

Birimankhwe anatembenuzatembenuza maso, khungu n'kuda, n'kuyeranso. "N'zimene zikundizunguza inenso. Lamanzere linali pa Kabawi, lamanja pa ntchentche yonona. Mwiniwakene ndiyesa ndinali ku ntchentcheko. Za Kabawi zandifika m'mutu nditameza kale."

"Ndiye mwaona kapena simunaone?"

"Ndaona, mayi, koma sindinayang'ane."

Thadzi anangofungatira anayi otsalawo. Mpaka lero nkhuku ikajompha kamodzi imadzutsa mutu kuti iyang'ane yokha ngati Kabawi akubwera. Inunso mwana musamusiyire munthu amene wagwira foni, olo alumbire kuti akumuona. Nthano yagona pamenepa.