Phunziro la Chilatini pabalaza

Tiwale ankakolopa pabalaza, Ilinca ali kumsana m'chitenje, pamene mayi Rodica anayambanso phunziro lawo. Kwawo ku Romania anali mphunzitsi wa Chilatini. Ntchito anapuma, koma pakamwa ayi. Chibwerereni m'fulati ya mwana wawo Mihai m'dera la Jumeirah Village Circle, kudziko lachilendo kwa onsewo, Tiwale ankawapatsa tiyi atagwada, osawayang'ana m'maso, osayerekeza kukhala nawo pasofa. Ndi mmene analeredwera ku Ntcheu. Gogoyo anangoti laponda lamphawi, wantchito womvera uja ndi ameneyu.

"Kwathu mkazi timati femeie," anatero mayi Rodica, akuloza ndi supuni pamene mopu sinafike. "Mawuwa anachokera ku Chilatini, familia. Kwa Aroma, familia anali antchito onse apakhomo. Ukumva? Malo ako anakonzedwa kalekale. Ndipo mdzukulu wangayo usamamumange ngati mtolo wa nkhuni. Ndamuuza kale Mihai. Loweruka ndikupita naye kwathu mwanayu, akaleredwe ndi anthu odziwa kulera."

Tiwale anaima chilili. Zonyoza anali atazizolowera, zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Koma izi zinamulasa mumtima, ndipo anachita mantha. Ilinca sankagona popanda fungo la chitenje chimenecho. Mihai anali kuntchito, komanso ngakhale akanakhalapo, pamaso pa amayi ake ankangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Womuyankhulira panalibe.

Komatu kufatsa si kupusa. Tiwale anatsamiritsa mopu kukhoma, n'kuwayang'ana gogowo m'maso.

"Khalas, zakwana, mayi," anatero. "Aroma anuwo anafa kalekale, ndipo muno sanalowemo. Mwanayu sakwera ndege."

Supuni inagwera m'kapu.

"Ukuyankha ine? Iweyo ndiwe ndani m'nyumba muno?"

Ilinca anadzidzimuka ndi phokosolo n'kuyamba kulira. Tiwale anamasula mfundo ya chitenje mosapupuluma, n'kumubweretsa mwanayo kutsogolo. Kenako, koyamba chikwatiwireni ndi Mihai, anakhala pasofa, phewa ndi phewa ndi apongozi akewo, n'kumupatsa Ilinca bere. Mwana anangoti zii.

"Nanga kumeneko mukamuyamwitsa chiyani?" anafunsa Tiwale. "Chilatini?"