Khadi la Malemu

Nambala yake itaoneka pakanema wa pakhoma, make mapasa anadzuka. Anayamba wasuzumira pazenera. Wodwala wake anali pomwe anamusiya, pabenchi la panja, atadzikuta jekete, akutsokomola chogwira pamtima. Kulowa mu ofesi ya inshulansi anakaniratu. Ati mkati mukutentha, chonsecho panjapo mphepo inali yodula makutu.

Kalaliki anali mayi wa magalasi, wa mawu ofewa. Analandira khadi, nkutayipa dzina pakompyuta, nkhope nkugwa.

"Pepani kwambiri, mayi. Achipatala anatidziwitsa kale za amuna anu."

Make mapasa anangogwedeza mutu. Pochoka kunyumba anali atadzilumbirira kuti salira pamaso pa eni dziko, koma ayi ndithu, misozi inangoti chuchuchu mpaka pakolala. M'maganizo anamuonanso malemu ali pabedi la chipatala, mapaipi m'mphuno, akuyesabe nthabwala zake zija. Ati zofunda zoyera chonchi sanafundepo chibadwire, wina amujambule msanga atumize kumudzi akaone kuti zake zinayera. Madokotala anayesetsa, zoona zake. Khadi linalipira bedi, mankhwala, makina, zonse. Koma impso zinali zitatheratu. Anamuika m'manda a m'dziko la eni, operekeza osadzaza ngakhale minibasi.

"Lamulo ndi lakuti khadi la womwalira tiliwononge," anatero kalaliki, akutola sizasi.

Khethe! Khadi linagwera m'bini zidutswa ziwiri. Make mapasa anamva ngati amudula chala.

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dzanja lomwe linali zipsera zokhazokha za simbi. Ankasita nsalu za pabedi kuhotela ina, m'chipinda chapansi mopanda zenera, ndipo inshulansi yakuntchitoko ndi yomwe inkasunga banja lonse. Tsopano anafika pa chimene anabwerera.

"Ndimati ndifunse nawo. Malo atsalawo, simungalembepo munthu wina?"

"Mwana?"

"Ayi, ndi bambo. Akudwala chifuwa. Wayamba kulavula magazi."

"Ndi ndani wanu?"

"Timakhala limodzi," anayankha motsitsa mawu.

Kalaliki anatsitsa magalasi. Anayang'ana pazenera pomwe panali bambo wa jekete uja, kenaka mpango wakuda wa make mapasa. Mawu ofewa aja anathera pomwepo. Linatsala ndi diso la nkhwezule, diso limene mkazi aliyense amalidziwa ngakhale asamve chilankhulo cha mwini wake: dothi la pamanda silinaume, uyu wapeza kale wina. Manyazi anamugwira make mapasa mpaka kuzala za kumapazi. Abale, munthu kulira maliro, nkumaonekanso wachimasomaso!

"Inshulansi yanu imalola mwamuna wa ukwati ndi ana basi," anatero kalaliki. "Mapepala okhalira m'dziko muno ali nawo?"

"Anali nawo. Anatha mphamvu."

"Akugwira ntchito?"

"Inatha."

"Ndiye palibe chimene ndingachite. Akonze kaye mapepala ake, mukakwatirane kuboma, mubwere ndi umboni wa ukwati. Ndipo ndikuuzirenitu, wolembedwa chatsopano amadikira miyezi ingapo asanayambe kuthandizidwa."

Miyezi! Chifuwa chiti chimadikira miyezi? Make mapasa ankachimva chifuwacho tsiku ndi tsiku, kuseri kwa katani yomwe inagawa chipinda chawo pakati kuti iye ndi ana asatengere matendawo. Ankaona mmene lamba ankasowera bowo lomangira. Kuchipatala popanda khadi anayesako kamodzi, ndipo pa kauntala pomwepo anabwerera, bamboyo akunamizira kuti wapezako bwino.

Panali mawu ena amene anakwera mpaka pakamwa. Akanangowalankhula, mwina mayi wa magalasiyu akanamva chisoni. Mwinanso akanatola foni. M'maganizo mwake make mapasa anaona apolisi pakhomo, zikwama zomanga mothamanga, mapasa ake akuwatulutsa m'kalasi anzawo akuonerera. Anawameza mawuwo, ndipo anamuwawa potsika.

"Chonde, mayi," anachonderera komaliza. "Ndi munthu wabwino. Sanalakwirepo munthu."

"Sindikukana. Koma kompyuta siilemba munthu wopanda mapepala."

Kalaliki anadina batani, nambala ina nkuoneka pakhoma. Mnyamata wa chisoti anali ataima kale kumbuyo kwa mpando, akudikira kuti mayiyo achoke. Make mapasa anathokoza, poti anaphunzitsidwa kuthokoza ngakhale pomwe sanalandire kanthu, natuluka.

Panja mphepo inamumenya kumaso. Anakhala pabenchi. Wodwala uja anabisa kansalu kake m'thumba mofulumira, koma mayiyo anali ataona kale madontho ofiira.

"Akuti bwanji?" anafunsa bamboyo.

"Akuti tikwatirane kaye."

Bamboyo anaseka. Kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwa nkumupinda pakati mpaka chipumi chinagunda maondo. Atapeza mpweya anapukuta pakamwa.

"Ndiye ndikufunsirenso, ndi imvi zangazi?"

Make mapasa anafuna kuseka nawo, koma chinatuluka ndi kulira, kulira kosabisa, anthu odutsa akucheuka. Anagwira dzanja la mwamuna wake, bambo wa mapasa ake, amene boma linali litamulemba kale kuti anamwalira. Yemwe anagona kumanda ndi dzina la bamboyo anali mchimwene wake wamng'ono wa mayiyo. Anafika m'dzikomo alibe inshulansi, nkudwala, ndipo mlamu wake anangomubwereka khadi kuti akaonane ndi dokotala tsiku limodzi lokha.