Kandege ka Mkamwini

Kandege kaja kanali pazenera la nyumba ya mkamwini, kakuuma padzuwa. Mayi Ezeliya anakayang'ana ali pakhonde pawo n'kulavula. Lero kanalibe mphuno. Dzulo lomweli kanali kathunthu, mapiko, mchira, timatayala, zonse. Ndiye munthu wandevu zake watenga lezala n'kukadula mphuno. Misala yeniyeni!

Munthuyo anali Nickson, mkamwini wawo, mwamuna wa Dorika. Anachokera ku Nsaru kudzakwatira pamudzi pano, kufupi ndi Msundwe, ndipo poyamba ankaoneka ngati munthu. Zinasokonekera pamene mkulu wake wa ku Joni anatumiza katundu. Anzake amalandira mafoni, majekete, ena mpaka njinga yamoto. Iye analandira bokosi la tizidutswa ta pulasitiki, guluu, timabotolo ta penti ndi kajumbo ka tizidutswa tina tapadera. Akuti anachita kuitanitsa yekha.

Dorika ndiye anawafotokozera mayi ake, maso ali pansi. Tam'bokosimo n'topangira ndege yankhondo. Tam'kajumbomo n'tosinthira ndegeyo kuti ikhale yonyamula odwala. Pamafunika kudula mphuno, kumata ina yaitali, kuboola mazenera m'mbali, kenako kupala ndi sandipepala mpaka polumikiza pasaoneke.

"Odwala ake ati? Nyerere?" anafunsa mayi Ezeliya.

Chowawa n'chakuti sakanatha kumunena pamaso. Mpongozi salowa m'nyumba ya mkamwini. Akakumana panjira amapatukirana, moni amapatsana wapatali atayang'ana kumbali. Choncho zonse ankangozionera pakhonde. Nickson akaweruka kumunda sankapita kubawo ngati amuna anzake. Ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ati fumbi limaononga penti. Fumbi! Munthu wobadwira pafumbi, wokulira pafumbi. Zala zakenso zija zonenepa ngati chinangwa, zolephera ndi batani la malaya lomwe, kaya tinthu tating'ono choncho ankatigwira bwanji.

Amene ankawamvetsa chisoni ndi Dorika. Mwana wamutu wakuthwa, wokhoza bwino Fomu 4, wamanja aluso, kuthera kwa chitsiru chotere! Kumjigo ankabwera mochedwa, maso ali psuu. Kulira kumeneko, mayi sachita kuuzidwa. M'zikhadabo mwake munali mbuu penti. Ndiye kuti bamboyo akatha kusewera, mabulashi amatsukitsa mkazi ngati wantchito.

Kumjigo komweko ndi kumene zinafika posauzana. Mayi wina anafunsa mokweza, ndowa ili pamutu: "Kodi ndege ya akamwini anu inyamuka liti? Mutiuziretu, ana tiwatsekere m'nyumba."

Amayi onse anaseka. Mayi Ezeliya sanaseke. Kumudzi kuno munthu akamasunga kandege m'nyumba, anthu saganiza za bwalo la ndege ayi, amaganiza za ufiti. Iwo ndi mayi wa Mvano, wovala zoyera Lachinayi. Dzina lawo lidetsedwe chifukwa cha chidole cha mlendo? Anatula ndowa kunyumba n'kupita kwa alongo awo, a Lawrence, nkhoswe ya Dorika.

Ankhoswe a mbali zonse atasonkhana pabwalo la nyumba ya Nickson, mayi Ezeliya anakhala chapatali pamphasa, atafulatira monga mwa mwambo, koma makutu ali tcheru.

"Kachidole kali pazenerapo n'kanu?" anafunsa a Lawrence.

"N'kanga," anayankha Nickson.

"Mwamva zimene anthu akunena. Mukataye, nkhani ithere pompano."

"Pepani, sikatayidwa."

"Mwasankha chidole kusiya banja, eti?"

"Amalume," anayamba Dorika. Nickson anangomuyang'ana kamodzi, mkaziyo anatseka pakamwa. Mayi Ezeliya anaziona ndi mchira wa diso, mtima unawira. Mpaka kumutseka pakamwa mwana wa eni, pamudzi pa eni!

Chigamulo sichinachedwe: bamboyo abwerere kwawo, akayambe wakula. Nickson sanatsutse. Anamanga chikwama panjinga, nagwada kutsanzika, ulendo wa ku Nsaru. Chidole chimene anachifera chija anachisiya pomwepo pazenera. Mbuli ndi mbuli basi.

M'mawa mwake mayi Ezeliya anadzuka mtima uli m'malo. Mkamwini wapita, nyumba ija tsopano akhoza kulowamo. Kandegeko akakaponya m'chimbudzi ndi manja awo, mwana wawo apume. Anakankha chitseko osaodira n'komwe.

Pafupi ndi khomo panali sutukesi yomangamanga, mbale ndi mapoto zili m'beseni. Pakona panali mpando wa Nickson, pansi pake mulu wa makoko a mtedza umene ankasenda masana onse aja. Patebulo panakhala Dorika, lilime lili pakona ya mlomo, diso limodzi atatsinzina. Kandege kanali ndi mphuno yake yatsopano, polumikiza posaoneka ngakhale pang'ono. Ndi kabulashi kowonda ngati udzu ankajambula mtanda wofiira pamchira, dzanja osanjenjemera.

"Tsekani chitseko, amayi, mukulowetsa fumbi," anatero osadzutsa mutu. "A Nickson sanakagwirepo aka. Anangoti tizinena kuti n'kawo, kuti wotchedwa mfiti asakhale mwana wanu. Penti ikauma ndikuwatsatira."