Mlonda Wosasuzumira M'kati

"Mlonda wanga saphonya," adatero wamakompyuta pamaso pa bwana wa kampani yosindikiza makadi.

Mlondayo anali kapulogalamu kake kogwira chilichonse chosinthidwa pa oda ya kasitomala, ndipo sikadagwire kanthu. Choncho mlandu wa makadi aukwati otuluka ndi tsiku lolakwika udagwera amayi a pakauntala, olemba maoda. Adakalipiridwa ngati mwana, anthu akuona.

Lachitatu wamakompyuta uja adakayesa yekha kapulogalamuko. Atasintha dzina la mkwati, mlonda adakuwa. Atasintha tsiku, zii! Tsiku, nthawi ndi malo adaziika m'kagulu kamodzi, ndipo mlonda ankangoyang'ana kaguluko kunja, osasuzumira m'kati. Chomwe chidasokoneza tsiku lija chinali pulogalamu yake ina.

Adakonza msangamsanga, n'kupita kukauntala kuti akaulule.

"Amayi, za makadi aja..."

"Musavutike, mwanangu," adamudula, akuyandikiza pepala kumaso. "Makina anu sanama. Ndakalamba ine. Dzulo ndinakayezetsa maso."

Wamakompyuta adafunsa kuti, "Ndiye adokotala akuti chiyani?"

"Akuti maso ali bwinobwino. Ndawauza kuti makina awowo ndi akufa."