Fano la Nebukadinezara

"Inu mumaphunzitsa Baibulo kusekondale," anatero wapolisi uku akutseka chitseko. "Tatiuzani, nkhani ya fano lagolide ija inachitikadi?"

Elliot anayang'ana pakona pomwe a Msowoya, mkulu wa mpingo wa ku Sangilo, anali atakhala pansi, nsapato atawavula. Lamulungu lapitalo mkuluyu analalikira za anyamata atatu okana kugwadira fano la mfumu Nebukadinezara, sabata yomwe achipani ankakakamiza anthu kugula makhadi.

Chibwerereni ku Sangilo kuchokera kwawo ku Dedza, Elliot ankangokhalira kutsutsana ndi mkuluyu pankhani yomweyi. Iye ankati buku la Danieli linalembedwa mochedwa, ndi munthu woopa kutchula mfumu yankhanza ya m'masiku ake, motero anaibisa m'dzina la mfumu yakalekale. A Msowoya, omwe ankamuitana kuti asambizgi, kutanthauza aphunzitsi m'chilankhulo chawo, ankapsa mtima: "Bodza, asambizgi! Mawu a Mulungu si nthano!"

"Tamva kuti mumati wolembayo ankanena mfumu ina," anapitiriza wapolisi uja. "Nanga abambo awa ankanena yani?"

Elliot anatembenukira kwa wapolisiyo.

"Zinachitikadi, bwana, ku Babulo, kalekale. Fano, ng'anjo yamoto, zonsezo. Palibe chobisika."

"Mungalumbire?"

Anagwira Baibulo nalumbira.

Atawamasula, awiriwa anayenda mpaka kumsewu. Elliot ankangodikira kuti mkulu uja amuseke kuti lero watembenuka mtima. Koma a Msowoya anayang'ana uku ndi uku, namugwira pamkono.

"Asambizgi," ananong'ona, "munandigonjetsa kalekale. Ulaliki uja ndinautenga kwa inu."