Loko Pageti la Mlendo

Makina osokera nsapato anali akulira pamene galimoto ya boma inaima pageti la fakitale. Munatuluka bambo wa ku unduna wa zamalonda, m'manja muli loko wamkulu ndi kalata yodinda. Kumbuyo kwake kunali apolisi awiri.

Boma linali litasintha katatu m'zaka ziwiri, ndipo lililonse linkabwera ndi malamulo ake. Latsopanoli linalamula kuti mlendo aliyense wochita bizinesi apereke theka la kampani yake kwa munthu amene unduna wasankha, apo ayi atseke. Eni fakitale ya mabisiketi anali atapakira kale katundu. A fakitale ya penti anagulitsa makina awo ngati zitsulo zakutha. Mumsewu wonsewo munangotsala fakitale ya nsapato, ya mayi wina amene anabwera ndi mpamba wake kuchokera kunja zaka zisanu zapitazo. Mayiyo anakana kusaina.

Pageti panaima Amayi Makiyi. Antchito anawapatsa dzinali chifukwa ndiwo ankatsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Anali ndi imvi mutu wonse, epuloni yawo itauma gwa ndi guluu.

"Mwini wake ali kuti?" anafunsa bambo wa ku unduna uja.

"Mukudziwa kumene ali," anatero Amayi Makiyi. "Anapita kukagula zikopa. Pobwera munamubweza pabwalo la ndege. Ino ndi sabata yachitatu."

"Ndiye patukani, amayi, tigwire ntchito. Auzeni anthu azimitse makina atuluke."

Amayi Makiyi sanasunthe. Mkatimo munali antchito makumi asanu ndi atatu, ndipo nsapato za ana asukulu zinkafunika zitatha Lachisanu. Ena anasuzumira pawindo, koma amayiwo atawayang'ana kamodzi, onse anabwerera pamakina.

Bambo uja anatsitsa mawu, ngati munthu wolangiza mbale wake.

"Amayi, anthu awa timawadziwa. Amabwera, amadya, zikavuta amakwera ndege. Pofika mwezi wamawa adzakhala ataiwala ndi dzina lanu lomwe. Inu mukudzivutitsiranji?"

"Amene akubwera kudzadya ndi amene mukufuna kumupatsa theka uja. Sanakhomepo msomali ngakhale umodzi muno."

Bambo uja anakodola apolisi kuti awachotse. Wina anayenda mapazi awiri n'kuima. Mnzake anayang'ana majombo ake, omwe anasokedwa m'fakitale yomweyo, kenako anayang'ana kumbali. Kumugwira mayi wa msinkhu wotero pamaso pa anthu sanafune.

"Kalata yanuyo ikuti mukhome geti," anatero Amayi Makiyi, akubwerera mkati pang'onopang'ono. "Sikunena kuti tituluke. Khomani. Ife tigona momwe muno mpaka nsapato zithe."

Bambo uja anawerenganso kalatayo. Anaimba foni ku ofesi, koma osayankhidwa. Nduna yake inali itachotsedwa m'mawa womwewo, ndipo panalibe wofuna kulamula kanthu. Bamboyo anakoka geti n'kukhoma. Makina anapitiriza kulira.

Kenako anatulutsa fomu ya mlandu wotsekereza wantchito wa boma, n'kuitsamiritsa pa zitsulo za geti.

"Mlanduwu ndi wa miyezi isanu ndi umodzi kundende," anatero. "Ndikufunsani komaliza. Mlendo ameneyu amakulipirani zingati kuti mumufere chonchi?"

"Sandilipira."

"Nanga ndi ndani wanu?"

Amayi Makiyi anayandikira mpaka nkhope yawo inagunda zitsulo.

"Ndi mwana wanga woyamba. Ndinamuberekera kuseri kwa mpanda uwu, ndipo zaka makumi awiri anakhala akusamalira odwala kunja kuti adzamange izi kwawo. Chimene chinasintha ndi pasipoti basi. Lembani zimenezo, bambo, musasiye liwu."