Kachombo Kanabwera Kokha

Zubairu anawaona komaliza achimwene ake, a Abdulwahab, pagombe la Shire ku Liwonde. A Abdulwahab ankayesa kachombo kamene anapanga ndi mapaipi, koyenda pansi pa madzi popanda munthu.

"M'tsogolomu asilikali sadzakweranso sitima zapansi pa nyanja," anatero achimwenewo. "Kunkhondo kuzidzapita timakina ngati aka. Palibe mayi amene adzalire."

Kenako chingwe chokokera chinakungika. Kachombo kanali katakodwa m'namasupuni.

"Kasiyeni, achimwene. Pamenepo pamakhala ng'ona."

"Iyayi. Ntchito ya zaka zitatu ndiisiyire nsomba?"

Anamupatsa Zubairu malaya kuti awagwirire, nalowa m'madzi.

Patatha ola kachombo kanayandama, katochi kake kakuwalabe. Kanabwera kokha.

Linali Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025.